Mchombo Wosagwa

Mwana wanga anakwanitsa masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu mchombo uli chimatirire pamimba.

Kwathu kuno kumapiri a kwa Kanduku, mayi akachoka kuchipatala ndi khanda amalowa m'chikuta. Amakhala m'nyumba iye ndi mwanayo, osaponda pabwalo, osapita kumjigo, mwamuna wake osalowamo, mpaka mchombo utauma n'kugwa. Ukagwa, amayi akuluakulu amakaukwirira, amameta mwanayo tsitsi, kenako amamutulutsa kuti aone dzuwa. Anzanga onse ankakhalamo sabata imodzi, zikachedwa ziwiri. Ine ndinali nditatha zinayi.

Chipindacho ndinachidziwa ngodya zonse. Ndinadziwa kuti dzuwa limalowera pa kabowo ka lata cha m'ma naini n'kugwera pa ndowa, ndipo pofika masana limakhala pa mwendo wa bedi. Mbuzi iliyonse ya pakhomo ndinkaizindikira ndi kulira kwake. Imodzi inaswa ana awiri ine nditalowa kale, ndipo ndinkawaonera pawindo akudumpha pachulu, timichombo tawo titagwa kalekale.

Mwamuna wanga, a Jailosi, ndi msuweni wanga. Amayi awo ndi azakhali anga, mlongo wawo wa malemu bambo anga. Tili ana anthu ankatiseka kuti ndife mwamuna ndi mkazi, monga amachitira ndi asuweni, ndipo nditalemba mayeso a Fomu 4 nthabwala ija inasanduka ukwati. Ananditengera kwawo. Choncho apongozi anga ndinkawatchulabe azakhali, iwonso ankanditchulabe iwe, ngati masiku aja ndinkabwera kudzatchuthi.

M'mawa uliwonse kunkabwera amake Melvin, amene amasambitsa makanda a m'mudzi muno. Poyamba ankadontheza pamchombo madzi a maluwa a maungu. Zitakanika anayamba phulusa. Ine ndinkangoyang'ana. Nsonga ya mchombo inali itada n'kuuma ngati mtsitsi wakufa, koma patsinde panali pauwisi. Khungu lozungulira linali lofiira ndi lotupa. Sabata yachitatu kufiirako kunali ngati chitsekero cha botolo, tsopano kunali ngati pakamwa pa kapu. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti panalibe mafinya. Chilonda chilichonse chimene ndinachionapo chikafika pamenepo chimatulutsa mafinya. Ichi ayi.

Tsiku limenelo, Lachitatu, amake Melvin atamaliza kusambitsa mwana sanapite. Azakhali analowa n'kutseka chitseko. Anakhala pamphasa onse awiri atatambasula miyendo, ine ndili pabedi.

"Liness," anatero azakhali, "ife si ana. Mchombo sukana wokha."

Ndinayang'ana pansi.

"Jailosi tamufunsa dzulo pamaso pa atsibweni ake. Walumbira. Akuti chiimire iwe sanagonepo kunja, ngakhale masiku aja ankakagulitsa manachesi ku boda. Ndiye watsala ndani?"

"Sindikudziwa, azakhali."

"Sakudziwa," amake Melvin anaseka. "Ana a sukulu inu mumadziwa zonse, mpaka mayina a mafupa a chule. Koma ichi chokha ayi."

"Mnyamata uja ankakubweretsera mabuku," anapitiriza azakhali, "wa kwa Nthache uja. Ndani paja?"

"Prince. Anali wa m'kalasi mwathu basi."

"Basi." Azakhali anasuzumira mwana m'manja mwanga. "Mphuno iyi ndaiyang'ana mwezi wathunthu. Kwathu kulibe yotere. Mwanayu wasemphedwa ndi chigololo, ndipo womusempha ali m'nyumba muno. Ulule. Loweruka m'mawa amake Melvin abwera ndi lezala latsopano, adula chimenechi n'kupaka mankhwala. Koma mankhwala sagwira mayi akabisa mawu."

"Bwanji tipite naye kuchipatala?" Mawu anga anatuluka ochepa moti ndinkaganiza kuti sanamve.

Azakhali anandiyang'ana. "Atuluke ndi mchombo? Anthu otentha amuone? Ukagwa m'njira n'kugwera pamaliseche pake, akadzakula wosabereka udzamupatsa ana ndiwe?"

Ine sindine munthu wa pakamwa. Kusukulu ndinkadziwa mayankho ambiri, koma dzanja langa silinkakwera. Ndinkalemba yankho m'mphepete mwa kope, Vania n'kuliwerenga mokweza.

Vania ndi mnzanga amene ndinakhala naye desiki imodzi zaka zinayi. Makolo ake anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo iye amanditchula mana, ndiko kuti mchemwali. Anakhoza bwino kuposa ine, panopa akuphunzira zoyeza magazi ku Blantyre. Azakhali ndi amake Melvin atatuluka, ndinatenga foni yanga yosweka galasi, ndinajambula mchombo uja, n'kuimirira pawindo pomwe netiweki imagwira. Ndinatumiza chithunzicho ndi mawu ochepa: masiku 28, mafinya palibe, Loweruka adula.

Anandiyankha Lachinayi masana ndi mawu ojambula. Ndinachepetsa voliyumu n'kuika foni pakhutu.

"Mana, mvetsera bwino. Chithunzi chija ndaonetsa aphunzitsi athu ena, dokotala wa ana. Anandifunsa zinthu zitatu: masiku angati, mafinya alipo, makolo ndi pachibale? Nditati ndinu asuweni, anavula magalasi. Akuti sangalumbire asanayeze magazi, mwina ndi majeremusi chabe. Koma pali matenda ena osowa kwambiri amene amayamba chonchi. Ukukumbuka maselo oyera, asilikali a m'magazi aja tinkajambula Fomu 3, iwe ako okongola, ine anga ngati mbatata? Amayenda m'mitsempha pa liwiro la magazi. Pakakhala chilonda amayenera kuima, kumatirira kukhoma la mtsempha, n'kutulukira kunja kukamenya nkhondo. Chowamatiritsa ndi timapuloteni tili pamwamba pawo, ngati tizala. Ndiye mchombo sugwa chifukwa chouma kokha, mana. Asilikali omwewo ndi amene amabwera kudzadya patsinde mpaka uduke. Mafinya aja ndi mitembo yawo. Akakhala opanda tizala amangodutsa, kudutsa, ngati minibasi yopanda mabuleki pa siteji. Mchombo sugwa, mafinya palibe, majeremusi akungodya."

Panali uthenga wachiwiri, wautali. Ndinautsegula nditatulutsa kope langa la bayoloje m'chikwama, ndipo ndinaumvera kanayi ndikulemba.

Malangizo opangira mbali ina ya kachala kameneko ali mu jini imodzi, pa kolomozomu nambala 21. Jiniyo sinalembedwe mosadukiza. Ili m'zidutswa khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pakati pa zidutswazo pali zigawo zina zimene selo imadula n'kuchotsa, kenako n'kulumikiza zotsalazo, monga telala amadulira nsalu asanasoke. Chilembo chimodzi chikalakwika m'kati mwa chidutswa, kapena pamalo podulira, kachalako kamatuluka kopunduka, mwina osatuluka n'komwe. Jini yomweyi ilinso mwa ng'ombe, agalu ndi mbewa, ndipo ana a ng'ombe ena amabadwa ndi matenda omwewa. Munthu amailandira kawiri, kwa mayi ndi kwa bambo. Imodzi ikakhala yabwino, munthuyo sadwala, sadziwa n'komwe kuti ina ndi yolakwika. Mwana amadwala akalandira zolakwika zonse ziwiri.

Pansi pa zimenezi ndinajambula mizere. Pamwamba ndinalemba agogo. Kuchokera pamenepo mizere iwiri inatsika, wina kwa bambo anga, wina kwa azakhali. Kwa bambo anga unatsikira kwa ine, kwa azakhali unatsikira kwa a Jailosi. Kenako mizere iwiriyo inakumana pa mwana amene anagona pambali panga.

Ndinayang'ana chojambulacho nthawi yaitali. Ngati dokotala uja ankaganiza zoona, mchombowo sunkanena kuti mwanayu ndi wa mwamuna wina. Unkanena kuti ndi wa a Jailosi.

Vania anamaliza ndi mawu awa: "Asadule ndi lezala, mana. Chilonda chatsopano pa mwana amene asilikali ake safika, usalole. Pita naye lero. Ukamva thupi likutentha usadikire munthu."

Sindinapite Lachinayi. Sindinapitenso Lachisanu. Ndikulemba izi monga zinalili. Ndinkafika pachitseko, ndinkagwira chogwirira, ndikamva mawu a azakhali pabwalo miyendo inkandibwezera pabedi.

Lachisanu masana a Jailosi anabwera kuwindo, monga ankachitira tsiku lililonse, ndi manachesi awiri.

"Bwanji kamnyamatako?"

"Thupi layamba kutentha. Sakuyamwa bwino. A Jailosi, tiyeni naye kuchipatala cha ku Thambani."

Anasenda nachesi limodzi osandiyang'ana. "Amayi ati mawa zitha."

"Inu mukukhulupirira za Prince?"

"Ine? Prince wa miyendo ngati nyanga za njinga uja?" Anayesa kuseka, sizinatheke. "Ine sindikhulupirira. Koma ukudziwa amayi. Pirira tsiku limodzi lokha, mkazi wanga."

Anandipatsira nachesi losendalo pawindo n'kupita.

Loweruka ndinadzuka mwana ali ngati mbale yochokera pamoto. Kufiira kuja kunali kutafika m'munsi mwa nthiti. Ndikamuika bere ankagwira kawiri n'kusiya. Ndinavala diresi langa la kutchalitchi, ndinaika buku lake la kuchipatala ndi kope lija m'jumbo, n'kumumangirira pachifuwa ndi chitenje mosamukanikiza mimba. Ndili chiimire pakati pa chipinda, azakhali ndi amake Melvin analowa.

Amake Melvin anaika mbale pamphasa. Munali lezala lili m'pepala lake, ulusi wakuda, ndi kabotolo ka mankhwala onga matope.

"Masula mwana," anatero azakhali.

"Ayi."

Chibadwire ndinali ndisanawauzepo mawu amenewo. Anatembenuka ngati wolankhulayo ndi munthu wina wa kuseri kwa chitseko.

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi, azakhali. Sadulidwa. Ndikupita naye ku Thambani."

"Mwamva, amake Melvin? Lero ali ndi pakamwa. Timufunsa za mwamuna wake wachibisira akhala duu, koma za ulendo ayankha."

Ndinatulutsa kope n'kulitsegula pa mizere ija. Ndinawauza za asilikali a m'magazi, za tizala togwirira, za mafinya amene kulibe. Ndinkalankhula mothamanga, ndikuyang'ana pepala osati nkhope zawo.

"Tamverani," anatero amake Melvin, "akutilalikira ndi buku la sukulu. Ine ndagwetsa michombo ya mudzi wonse uno, wa amuna akowo ndinaugwetsa ndine. Buku limeneli linasambitsapo mwana?"

"Munaonapo wofika mwezi?"

"Wosemphedwa amatero."

"Ana a ng'ombe amabadwa nawo matenda amenewa. Ng'ombe nayo inagona ndi Prince?"

Amake Melvin kuseka kunawaphulika m'mphuno, koma anakubweza msanga ataona nkhope ya azakhali.

"Ngati ndi matenda amenewa," ndinapitiriza, "theka lachokera kwa ine, theka kwa a Jailosi. La ine linadzera mwa achimwene anu. La a Jailosi linadzera mwa inu, azakhali. Palibe wachimwa. Ndi magazi a pakhomo pano, akumana okhaokha."

"Mwa ine?" Azakhali anadzigunda pachifuwa. "Ndiye ukuti ndine mfiti? Ndamulodza ndine mdzukulu wanga?"

"Sindinatero."

"Watero! Amake Melvin, mwamva nokha. Mwana ndinamuchapira matewera uyu. Bambo ake atamwalira, yunifolomu ya ku sekondale ndinamusokera ndine, lero akuti ndadya mwana."

Zija za yunifolomu zinali zoona, ndipo zinandilasa. Koma mwana anabuula pachifuwa panga, kubuula kopanda mphamvu, ngati kamwana ka mphaka. Ndinabweza kope m'jumbo n'kuyamba kuyenda.

Azakhali anaima pakhomo atatambasula manja.

"Ukatuluka ndi mchombo umenewo, akakafa, maliro ake ndi ako."

"Akafera muno akhala a ndani?"

Ndinayendabe mpaka mutu wa mwana unagunda pachifuwa pawo. Ndinadziwa kuti sangandikankhe mdzukulu wawo ali pakati pathu. Anamva kutentha kwa thupi lake, ndinaona m'maso mwawo kuti akumva. Dzanja lawo limodzi linatsika pang'ono, ine n'kudutsa cham'mbali.

Kunja kunandithobwa m'maso. Mwezi wathunthu ndisanaone thambo lonse nthawi imodzi. Pabwalo panali alamu anga akupeta nyemba, ndipo ataona zimene ndanyamula anakoka ana awo n'kuwalowetsa m'khitchini. Abambo ena amene ankadutsa ndi khasu anatembenuka msanga n'kuyang'ana kuphiri, kuopa kuti maso awo angapweteke khanda la m'chikuta. Kumjigo amayi anasiya kupopa. Palibe anandipatsa moni, inenso sindinapereke.

Kumbuyo ndinkamva azakhali akukuwa dzina la mwana wawo.

Njira ya ku Thambani imatsika phiri, imawoloka kamtsinje, kenako imakwera pakati pa minda ya nandolo. Ndinali nditawoloka kamtsinjeko pamene ndinamva tcheni cha njinga kumbuyo. A Jailosi anatsika n'kuyamba kukankha njingayo pambali panga, akupuma mwawefuwefu.

"Amayi ati ubwerere."

Ndinayendabe.

"Ati ukapanda kubwerera pompano, nyumba ija usadzailowenso."

"Ndamva."

"Liness, ima kaye. Tikambirane ngati anthu."

"Ndakhala mwezi wathunthu, a Jailosi. Lankhulani ndikuyenda."

Tinakwera chitunda chonse chete, iwo ndi njinga yawo, ine ndi mwana. Thukuta linkatsika m'miyendo, ndipo mabala a pobereka anayamba kundikumbutsa kuti alipo. Pamwamba pa chitunda ndinaima kuti ndikonze chitenje. A Jailosi anasendera, anatsegula kansalu kamene ndinaphimba mimba ya mwana. Aka kanali koyamba kuona mchombowo pafupi, chifukwa masiku onsewa ankauonera pawindo. Anauyang'ana, anayang'ana kufiira kuja, anaika chikhatho pamphumi pa mwana n'kuchichotsa msanga.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Wakhala chonchi kuyambira liti?"

"Ndinakuuzani dzulo."

Anatembenuza njinga kuloza ku Thambani. "Kwera. Mugwire bwino, pali miyala."

Tinafika dzuwa litakwera. Linali tsiku la anthu ambiri, mzere utatuluka mpaka pakhonde. Masiku ena ndikanakhala kumapeto kwa benchi n'kudikira mpaka madzulo. Ndinapita molunjika kwa anamwino amene ankayeza ana sikelo, ndinamasula chitenje pamaso pa anthu onse n'kuwaonetsa. Anasiya cholembera, anandigwira pamkono, n'kundilowetsa kwa adokotala.

Adokotalawo anali bambo wamfupi wa imvi zochepa. Anayeza kutentha kwa thupi, anakanikiza pang'ono mozungulira mchombo, ananunkhiza chala chawo.

"Masiku angati?"

"Makumi atatu ndi limodzi."

"Mwapakapo chiyani?"

"Maluwa a maungu ndi phulusa. Lero amafuna kudula ndi lezala, ndakana. Adokotala, ine ndi bambo akewa ndife asuweni. Mafinya sanatulukepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikupempha kuti akawerenge maselo oyera m'magazi mwake."

Anakweza maso n'kundiyang'ana. "Wakuuzani zimenezi ndani, mayi?"

Ndinawapatsa kope. Anawerenga tsamba lonse, mpaka mizere ya pansi ija, a Jailosi akusuzumira paphewa pawo.

"Zikhoza kutheka," anatero adokotala. "Ine sindinawaonepo matenda amenewa, ndinangowawerenga. Mwinanso si amenewa. Chimene ndikuchiona ndi maso anga n'chakuti majeremusi alowa, ndipo akufuna kufika m'magazi. Ameneyu timubaya jakisoni pompano, kenako apite ku boma akagonekedwe. Magaziwo akayeza kumeneko, ndilemba m'kalata. Akapeza zimene mukuganizazi, akutumizani ku Blantyre." Anandibwezera kope. "Ili musalitaye. Mukawaonetse."

"Achira?" anafunsa a Jailosi.

"Lero tikulimbana ndi majeremusiwa kaye, bambo. Zinazo ndi ulendo wautali, sindikunamizani."

Mwana analira pomubaya, kulira kwenikweni koyamba chiyambire dzulo. Anamwino anatsuka phulusa lonse ndi mankhwala, anaphimba pamimba ndi kansalu koyera. Ambulansi inali itapita kukatenga mayi wina wodwala, ndipo inafika patatha ola limodzi.

Ndinakwera n'kukhala pambali pa mayiyo. A Jailosi anaima pansi atagwira njinga, akuyang'ana msewu wa kumudzi, akuyang'ananso ine. Sindinawapemphe. Dalaivala analiza injini. Pamenepo anathamangira kwa alonda a pageti, anawasiyira njinga, n'kudumphira m'galimoto chitseko chikutsekedwa.

Tisanafike patali foni yawo inalira. Anaiyang'ana n'kundionetsa: amayi. Inalira mpaka kusiya, inayambanso. Ndinatambasula dzanja, anandipatsa.

"Jailosi! Wamupeza? Mubweretse kuno msanga, anthu akundiseka."

"Ndine Liness, azakhali."

Pafoni pankangomveka nkhuku za pakhomo.

"Mwana wabayidwa jakisoni. Tili mu ambulansi, tikupita ku boma, akatigoneka ku wodi ya ana. A Jailosi ali pompano. Mukafuna kumuona mdzukulu wanu, mutipeza kumeneko. Lezala lija musabwere nalo."

Ndinadula foni n'kuibweza. Galimoto inagwera m'dzenje, tonse tinadumpha, mwana anatsegula maso. Ndinamuika bere, ndipo analigwira.